Peni Yanga Yamwa Dayi wa Tsitsi

Sabata ino mundikhululukire ngati mawu anga atuluka ndi minga. Ndine munthu woleza mtima, funsani aliyense pa yadi yathu kuno ku Kanyama. Mwana akataya phala pa chitenje chochapa kumene, ndimangopukuta. Kondakitala akandipitiriza pa siteshoni yanga, ndimatsika n'kubwerera wapansi. Koma Lolemba lapitali ndinatsala pang'ono kulankhula mawu amene sabwezeka.

Ndinali pa pompi ndikutsuka mbale pamene bana Bupe anatulukira. Kwa amene simuwadziwa, bana Bupe, ndiko kuti amake Bupe, ndi neba wanga. Makomo athu ndi oyang'anizana, chingwe choyanikapo zovala n'chimodzi, chimbudzi n'chimodzi. Anachokera ku Kitwe, ndipo ntchito yawo ndi yoluka ndi kudaya tsitsi pakhonde pawo.

"Amake Taonga, tengani ka peni kanu," anatero, atakagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Kafa."

"Kafa bwanji?"

"Kaya. Kanangoleka chabe kulemba. Vinthu va mu salaula ni mwamene vilili."

Ndinapukuta manja n'kuilandira. Pa chivindikiro panali zipsera za mano. Nditatsegula, kunatuluka fungo limene ndimalidziwa bwino, fungo la pakhonde pawo Loweruka masana.

"Bana Bupe, mwaikamo chani umu?"

"Inki."

"Inki iti?"

"Ija yanu inasila pakati pa nchito. Imwe munali mwayenda ku msika, manje nikati nikuvutiseni? Ninaona kale mwamene mumachitira na jekeseni. Ninasungunula chabe ka dayi pang'ono. Kaili nako ni kakuda."

Ndinayang'ana peni. Ndinayang'ana bana Bupe. Kenako ndinayang'ana mbale zimene ndimatsuka, chifukwa mbale siziyankha.

Dayi wa tsitsi, anzanga. M'peni.

Mwina wina akuti, mayi ameneyu akulira chiyani, si peni chabe? Dikirani ndikuuzeni.

Ine ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija. Amene mumatsegula mabelo mukudziwa kuti m'matumba a majekete mumapezeka zinthu: batani, tikiti ya basi ya dziko losadziwika, nthawi zina switi yosungunuka. Chaka chatha, m'thumba lam'kati la jekete ina yotuwa, ndinapeza kanthu kobiriwira, kafupi ngati chala changa chapakati. Ndinayesa ndi kopaka milomo. Mnzanga wa pa tebulo loyandikana anati n'choyatsira fodya. Nditapotokola chivindikiro, kunatuluka nibu yonyezimira, yong'ambika pakati ngati chiboda cha mbuzi. Chivindikiro chija ukachiveka kumbuyo, kanthu kafupi kaja kamasanduka peni yathunthu, yodzaza dzanja. Ukatseka, kamabisala m'chikhatho, kamakwana ngakhale pa mfundo ya chitenje.

Inali youma gwa, ndipo sindinadziwe chochita nayo. Sukulu ndinalekera giredi seveni, ndipo kumeneko tinkalembera mapensulo ndi mabolopeni otafunidwa kumbuyo. Ndiye ndinachita chinthu chimene anthu ambiri amachiopa kuposa kuzula dzino: ndinafunsa. Tsiku lokaoda katundu ku tauni ndinalowa m'sitolo ina ya zolembera, ndinaika peni pa kauntala, n'kunena kuti, "Amayi, ichi chimadya chiyani?" Mayi wa m'sitolomo, wachikulire ndithu, anaseka, anavala magalasi, n'kundionetsa zonse. Sindinafe. Palibe anandimenya. Ndinatuluka ndi kabotolo ka inki.

M'mimba mwa peni yotere muli kachubu kapulasitiki, kafupi, kosunga inki. Kumene anaipanga, kachubu kakatha amataya n'kuika kena. Kuno kena ukapeza kuti? Pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu? Ndiye timadzaza komweko. Ndinagula jekeseni watsopano ku kemisti, atate a Taonga anakhutiza nsonga ya singano pamwala mpaka inabuntha kuti isabaye munthu. Umazula kachubu, umakoka inki m'botolo, umalowetsa singano mpaka pansi pa kachubu, n'kukankha pang'onopang'ono kuti inki ikwere yopanda thovu. Osadzaza mpaka kukamwa. Ukatero umabwezera kachubu mpaka kagwire zolimba, n'kuimika peni nibu ili pansi kwa kanthawi kuti inki itsike. Basi. N'zosavuta kuposa kumwetsa mwana mankhwala a malungo.

Koma chakudya chake n'chimodzi: inki ya peni za nibu, yamadzimadzi ngati tiyi wopanda mkaka. Osati ya chidindo. Osati ya makina osindikizira. Osati jivi wopaka pa zilonda, ngakhale munthu wina pa msika anandilangiza zimenezo osaseka n'komwe. Pansi pa nibu pali kapulasitiki kakuda kokhala ndi mano ngati chipeso, ndipo pakati pake pali kanjira kochepa ngati tsitsi limodzi. Inki imadutsa mmenemo. Chilichonse chokhala ndi nsenga chimatseka kanjirako mmene mapulasitiki amatsekera ngalande zathu.

Nanga ndimavutikiranji ndi zonsezi pamene bolopeni ili pa kantemba kalikonse?

Dzanja. Chibadwire Madalitso, mwana wanga wachiwiri, dzanja langa lamanja silinakhalenso bwino. Kufinya matewera, kunyamula mwana, kukoka mabelo. Pamfundo apa, pansi pa chala chachikulu, pamabaya ngati pali munga. Bolopeni imafuna kuikanikiza, ndipo ndikalemba mizere yochepa ululu umakwera mpaka m'chigongono. Peni ya nibu siifuna mphamvu. Umangoigoneka pa pepala, iyo imayenda yokha. Zonse zimene mwakhala mukuwerenga pa tsamba lino ndimalemba ndi iyo, masana Madalitso akagona, kenako ndimajambula pepala ndi foni n'kutumiza kwa akonzi. Ikafa peni imeneyi, sindikudziwa ngati tingapitirize kukumana pano. Chiyambi cha nkhani ya leroyi ndachilemba ndi bolopeni, dzanja nditalimanga kansalu. Ngati mwamvamo ukali, theka ndi la bana Bupe, theka ndi la dzanja.

Mufunsa kuti, nanga chinthu chotero unabwereketsa bwanji?

Kodi munakhalapo mu komboni?

Mng'ono wawo wa bana Bupe, Chanda, akukwatiwa Loweruka la sabata yamawa. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi bana Bupe anabwera kuti akufuna kulemba mayina pa makadi a ukwati, ndipo bolopeni imanyansitsa khadi. Ndinawauza kuti asakanikize, kuti akasiya kulemba azitseka, kuti ikatha inki andiitane. Anandidula pakamwa. "Awe mwandi, nanga ni ndeke yamene nizayendetsa?"

Ife a mu komboni moyo wathu ndi wobwerekana. Palibe nyumba imene ili ndi zonse. Wina ali ndi ayironi, wina wilibala, wina poto wamkulu wa pa maliro, wina chaja cholowa foni iliyonse. Mukaphatikiza yadi yonse ndiye pamatuluka nyumba imodzi yokwanira. Inenso sefa ya ufa ndilibe, ndimagwiritsa ya bana Bupe chisamukire kuno. Kupatsa n'kuika, anatero akale, ndipo ine sindikutsutsa.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti timabwereka chinthu koma sitibwereka nzeru zake. Munthu atenga ayironi, osafunsa kuti kabatani aka n'kachiyani, akaika pa diresi ya nayiloni, ayironi ibwera itavala diresi. Atenga mbaula, athira madzi pa malasha ali ofiira, mbaula ibwera ilibe pansi. Ndipo pobweza mawu ndi amodzimodzi: yafa. Yangofa yokha. Kodi katundu wa mu komboni amadwala matenda anji, oti amafera kwa neba basi? Khasu lobwereka silikhala kuthyoka, inde. Koma kodi limathyoka lili pakona, kapena wina amakumbira nalo mwala?

Kufunsa timakuona ngati kuvula pagulu. Timaopa kuti mwini wake aziti ndife ofika kumene kuchokera kumudzi. Ndiye timangoyerekeza: chakuda n'chakuda, chamadzi n'chamadzi. Safunsa anadya phula. Koma safunsa wa masiku ano sadya yekha phulalo, amadyetsa peni ya mnzake.

Ndipo peni ndiye yomvetsa chisoni koposa, chifukwa ambiri saiyesa katundu wa munthu. Pitani ku sikelo ya ana mukaone. Ungotulutsa peni, dzanja latulukira kale paphewa: nibwerekeniko. Usanayankhe yapita. Uyu alembera, apatsira wa kumbuyo kwake, uyo akanda nayo m'mutu, winayo apatsa mwana wolira kuti atonthole. Ikabwerera ndi mwayi, ndipo imabwera yonyowa. Bolopeni imapirira zimenezo, inabadwira mavuto. Peni ya nibu ayi. Chivindikiro chake n'chopotokola, koma munthu amachikoka ngati akuzula chinangwa, chikakana aikapo mano. Polemba amakanikiza ngati akulemba pa khoma, mpaka mbali ziwiri za nibu zimatalikirana.

Nanga kukana? Yesani. Mu komboni mawu akuti sindifuna kulibe. Timati ndilibe, chinthu chili poonekera pa tebulo. Timati eni ake achokapo, eni ake ali m'nyumba akumvera wailesi. Ukangonena zoona kuti ichi sindibwereketsa, dzina lako lasintha tsiku lomwelo. Ndiwe wonyada, ukudziyesa wa ku mayadi, tidzaona amene adzakuphikire pa maliro.

Lolemba lomwelo, Madalitso atagona, ndinayala nyuzipepala yakale pa tebulo n'kuyamba ntchito. Nditazula kachubu, munali phala lakuda, louma m'mbali. Kameneko sikanavute: jekeseni, madzi, kupopa, kutaya, kupopa, kutaya, mpaka kanayera. Madzi ake ndinatenga a mvula amene ndinatchera m'beseni, n'kuwasefa pa nsalu. A pa pompi pathu mukuwadziwa mmene amasiyira zoyera m'ketulo. Sindinafune kuchotsa dayi n'kuikamo miyala.

Vuto linali kumutu, kumene kuli nibu. Ndinapopera madzi kumbuyo kwake kuti atulukire kunsonga. Ngakhale dontho. Ndiye ndinaviika mutuwo m'kapu ya madzi ofunda pang'ono, ngati osambitsa khanda, ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale. Kapuyo ndinaika pamwamba pa kabati kuti Taonga asayese ndi tiyi.

Madzulo atate a Taonga anabwera kuchokera ku garaja kumene amakonza maminibasi. Anasuzumira m'kapu.

"Yatsekeka iyi," anatero. "Nipatseni nikaipemerere na kompuresa mawa."

"Ayi."

"Olo ka petulo pang'ono. Kabureta timasuka na petulo."

"Atate Taonga, iyi si minibasi."

"Nanga spiriti? Olo madzi owira?"

"Madzi owira apinda pulasitiki, spiriti aononga thupi lake. Khalani pansi mudye."

Anatuluka kukasamba m'manja, koma anabwerera atanyamula pulayala. Ndinangowayang'ana. Anaibwezera m'thumba.

Mwaona? Ngakhale m'nyumba mwanga momwe. Aliyense amachiza chinthu ndi mankhwala a ntchito yake. Wodaya tsitsi, dayi. Makanika, petulo. Ndikanapatsa wogulitsa vitumbuwa, bwenzi peni yanga itabwera yokazinga.

Madzi a m'kapu ankada, ine n'kusintha, akadanso, n'kusinthanso. Lachitatu ndinalimba mtima. Ndinakulunga nibu ndi kachidutswa ka chubu cha njinga kuti zala zisaterereke, n'kukoka mowongoka, pang'onopang'ono, mpaka nibu ndi kachipeso kaja zinatuluka pamodzi. Mano a kachipeso onse anali atamatidwa ndi dayi. Ndinatsuka ndi mswachi wakale wofewa, mofatsa ngati ndikutsuka diso la mwana. Singano kapena lezala osayerekeza, ukakanda kanjira kaja wapha peni. Nibu nayo inali itayasama chifukwa chokanikiza. Ndinaipanikiza ndi zikhadabo, pang'ono, ndiyang'ane padzuwa, pang'ononso, mpaka mbali ziwiri zija zinagundananso kunsonga. Ndinayanika zonse pa kansalu, pamthunzi.

Masiku onsewo ine ndi bana Bupe tinkangopatsana moni wouma. Mwauka bwanji, bwino. Pa chingwe aliyense ankayanika kumbali kwake, pakati n'kutsala malo oti mungayanikepo bulangete. Sefa sindinakabwereke, ndipo ana anadya phala la mibulu.

Apa ndi pamene mutu unandizungulira. Chifukwa mayi yemweyu, amene anamwetsa peni yanga dayi, ndi amene ananditulutsa m'madzi dzinja lapita. Madzi analowa m'nyumba m'mawa, ofika m'maondo, atasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Madalitso thupi linali moto, atate ake ali ku Kafue ndi minibasi yowonongeka. Ndinaima pabedi ndi ana awiri osadziwa kuti ndiyambe ndi uti. Bana Bupe anakankha chitseko, chitenje atachimanga ngati kabudula, anakweza Taonga pamapewa, n'kutola mpini wa tsache. "Pondani pamene naponda," anatero. Anayenda patsogolo akufufuza maenje ndi mpiniwo, ine pambuyo ndi khanda, mpaka tinafika pa msewu wa tala, kenako ku kiliniki. Tsiku limenelo sanafunse munthu chochita. Anangochita.

Mwaliona vuto langa? Mtima womwewo wosadikira kufunsa ndi umene unapulumutsa mwana wanga, ndiponso ndi umene unatsala pang'ono kupha peni yanga. Munthu sagulidwa ngati nkhuku yoduladula, kuti ndipatseni ntchafu, mutu musunge.

Lachinayi ndinabwezera zonse m'malo mwake, ndinadzaza kachubu ndi inki yeniyeni, ndinaimika peni nibu ili pansi. Nditayesa pa pepala, palibe. Ndinapita kukaika nyemba pamoto. Nditabwerera, kamzere kotuwa. Kenako kakuda, konyowa, kosaduka. Ndinalemba dzina la Taonga, ndinalemba la Madalitso, ndinalemba langa. Dzanja silinadandaule.

Lachisanu m'mawa ndili pakhonde ndikulemba zimene mukuwerengazi, mthunzi unagwa pa pepala. Bana Bupe, ndi vitumbuwa votentha. Kwathu kuno pepani satuluka pakamwa, amabwera pa mbale atavindikira. Mbaleyo inali yanga, imene anabwereka pa Isitala.

"Mayo! Kauka?"

"Kauka."

"Ninaziba. Vinthu va mu salaula ni volimba."

Ndinaluma chitumbuwa kuti pakamwa pakhale ndi ntchito ina.

Anakoka kampando, anakhala, n'kusuzumira pa pepala. "Mulemba va ine?"

"Nilemba va banthu bamene sibafunsa."

"Awe, ni bambiri," anavomera, akupukusa mutu. Kenako anatsitsa mawu. "Manje, Amake Taonga. Chanda anakaona ka peni aka. Akuti afuna kakaonekere pa chithunzi posaina ku chechi. Nizapatsa ba mulamu basunge mu thumba ya shati. Nizabweza pamene apo ukwati ukasila."

Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi bolopeni yatsopano, yonyezimira, imene ndinagulira tsiku ngati limeneli.

"Awe," anatero, osaigwira n'komwe. "Iyo ni ya ku sikelo."

Ndinaziona zonse m'maso mwanga. Shati yoyera ya mkwati. Peni itagona mutu pansi m'thumba, pamene imayenera kuima nibu kumwamba. Tchalitchi cha malata masana, munthu akutuluka thukuta, ndipo peni yotere ikatenthedwa imalavula. Kenako mano pa chivindikiro, abusa akukanikiza, mboni ikupatsira mboni inzake, ndipo Lolemba peni yanga ili pa basi ya ku Kitwe m'chikwama cha munthu amene sindimudziwa.

Mawu akuti ndilibe anafika pa lilime. Koma peni inali m'dzanja langa, ndipo amene anakhala patsogolo panga ndi amene ananditsogolera m'madzi.

"Bana Bupe," ndinatero, "makadi munalemba na peni yanga. Khadi yanga ili kuti?"

Anaseka mpaka kumenya pa bondo. "Imwe khadi? Khadi ni ya balendo. Imwe ndimwe ba pa nyumba. Nakuikani pa anyezi na kabichi."

N'zoona, ndi mmene timachitira. Neba sapatsidwa khadi, amapatsidwa mpeni. Maukwati onse a pa yadi ino ndawamvera kuseri kwa nyumba, maso ali ofiira ndi utsi. Nthungululu zikamalira ku tchalitchi, ine ndili ndi chipande m'manja.

"Mverani," ndinatero. "Peni izayenda ku ukwati."

"Ehe!"

"Koma uyu ni mwana woyamwa, sayenda kopanda amake. Nizaidzaza neka, nizabwera nayo neka, nizankhala kutsogolo pafupi na tebulo. Nizatsegula ine, nizapatsa Chanda mu manja. Akasaina na bamuna bake, ibwerera kwa ine. Ba mboni na ba busa, bolopeni iyi."

"Nanga anyezi?"

"Anyezi mubwereke munthu wina."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo mumtima ndinati basi, sefa yapita, mnzanga wapita, madzi akadzabweranso ndidzayenda ndekha. Madalitso analira m'nyumba, ine osasuntha.

"Mwandi, ndimwe bovuta," anatero pamapeto pake. "Manje kutsogolo muzankhala na mutu uyo? Bwerani pa Chinayi nikuluke. Simuzanichititsa nsoni pa vithunzi."

Anaimirira, anakonza chitenje, anayamba kuwoloka yadi. Mtima wanga unali utangoyamba kukhala pansi pamene anatembenuka ali pakati pa chingwe.

"Amake Taonga. Dayi wanga wakuda wasila, kaili ninaika mu peni yanu. Kuli kasitoma masana. Ka botolo kanu kaja ka inki..."

"Bana Bupe!"

"Nafunsa chabe! Si ndimwe mulemba ati tizifunsa?"

Analowa m'nyumba mwawo akuseka, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati inali nthabwala kapena amandiyesa. Botolo ndalibisa m'jombo ya atate a Taonga. Mayi amene munakadayitsa tsitsi pa yadi yathu Lachisanu masana, musaope mvula, mutu wanu uli bwino.

Ndiye Loweruka la sabata yamawa mukaona mayi wina atakhala kutsogolo kwa tchalitchi, tsitsi lolukidwa kumene, khanda kumbuyo, dzanja litafumbata kanthu kobiriwira, musamufunse khadi. Sanaitanidwe. Waperekeza peni.

Nanga inu amene mukuseka, chinthu cha neba chimene chili m'nyumba mwanu panopa, munafunsa kuti chimadya chiyani?